Limbo, Inside kapena Little Nightmares: gemu yoopsa yoyamba nayo kuno ku Dedza ndi iti?

Mukalowa m'tinyumba tosewerera magemu pa boma la Dedza kapena pa Ntcheu, chimene mumamva ndi phokoso la mpira, nkhonya ndi mfuti. Magemu amenewo amakoma pagulu, ndipo palibe cholakwika nawo. Koma ulipo mtundu wina umene ndi ochepa kuno amene auyesa, ndipo amene auyesa sauiwala. Mumapatsidwa mwana wamng'ono, wopanda chida, wosayankhula, m'malo amdima momwe chilichonse chachikulu kuposa iye chikufuna kumugwira. Ntchito yanu ndi kumuyendetsa, kumudumphitsa, kumukankhitsa mabokosi ndi kumukoketsa zingwe mpaka njira itatseguka. Palibe wokuuzani chochita. Palibe mapu, palibe mzere wosonyeza moyo wotsala. Mwanayo akangogwidwa wafa, ndipo mumabwerera pafupi ndi pomwe wafera kuti muyesenso.

Odziwika kwambiri ndi anayi: Limbo, Inside, Little Nightmares ndi Little Nightmares II. Anthu amawatchulira pamodzi ngati ndi chinthu chimodzi, koma amasiyana kwambiri, pa mantha amene amapereka komanso pa chipangizo chimene amafuna. Kwa ife amene bandulo timachita kuyiwerengera, ndipo magetsi sitidziwa kuti azima nthawi yanji, kusiyanako kumakhudza thumba. Ine onse anayi ndimawakonda, koma sindingauze munthu aliyense kuti ayambe ndi gemu imodzimodzi.

Limbo

Iyi ndiye kholo la anzake. Inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya Playdead ya mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, motsogozedwa ndi Arnt Jensen. Inatuluka mu 2010 pa Xbox 360, inafika pa kompyuta mu 2011, ndipo pa mafoni a Android mu 2015. Mtundu wake ndi wakuda, woyera ndi wotuwa basi. Mnyamata amene mumamuyendetsa ndi chithunzithunzi chakuda chokhala ndi timaso tiwiri toyera. Amadzuka m'nkhalango, ndipo chokhacho chimene eni gemu anatiuza n'chakuti akufunafuna mlongo wake. Zina zonse mumadzionera nokha.

Phunziro loyamba la Limbo ndi msampha wachitsulo wobisika mu udzu. Pafupifupi aliyense amaupondamo, chifukwa ndi wakuda ngati udzuwo, ndipo umatseka ndi phokoso lodzidzimutsa. Kuchokera pamenepo maso anu amasintha. Mumayamba kuyang'anitsitsa pansi, kukayikira chingwe chilichonse cholendewera, kuyenda pang'onopang'ono. Gemuyo yakuphunzitsani popanda kulemba liwu ngakhale limodzi. Patsogolo pang'ono msampha womwewo umasanduka chida chanu: kuseri kwa mtengo kuli kangaude wamkulu kuposa nyumba, amene amabaya ndi miyendo yake, ndipo njira yodutsira ndi kukokera msampha pomwe mwendo ugwere, n'kuthawa mwendowo usanakupezeni. Kangaudeyo satha msanga. Amakukulungani m'ulusi wake, mumadumphadumpha muli womangidwa, amakuthamangitsani ali wopunduka, ndipo pomaliza penipeni mumachita kumuzula mwendo wotsala ndi manja kuti thupi lake likhale popondera. Pamenepo ndi pomwe ndimaona ukulu wa gemuyi. Munali wosakidwa, koma kuti mupulumuke mwachita nkhanza imene simunaiganizire.

Muli zinanso zokhala m'mutu nthawi yaitali. Ana ena a m'nkhalangomo, amene mumayembekeza kuti akuthandizani, ndi amene amakutcherani misampha ndi kukulasani. Kamphutsi kowala kamagwera pamutu pa mnyamatayo n'kumuyendetsa mbali imodzi osatha kuima, ngakhale kutsogolo kuli dzenje, ndipo amangotembenuka akafika pamene pali kuwala. Mnyamatayo sadziwa kusambira, choncho madzi ofika m'khosi ndi imfa.

Chofooka cha Limbo chili m'chigawo chake chachiwiri. Mukatuluka m'nkhalango n'kulowa m'mafakitale, zamoyo zimachepa ndipo zimatsala ndi makina: macheka ozungulira, magetsi, maginito, ndi mabatani otembenuza mphamvu yokokera zinthu pansi kuti mabokosi azigwera kudenga. Zothetsa nzeru za kumeneko ndi zabwino, zina n'zovutadi, koma mantha amazirala. Mumasiya kuopa n'kuyamba kuwerengera nthawi yodumphira. Wokonda kukhoma mutu adzakondwa nazo. Wofuna kuti mtima uzigunda mpaka kumapeto adzaona kuti nkhalango inali yokoma kuposa fakitale.

Ubwino wake waukulu kwa ife ndi wakuti ndi yopepuka. Sidya malo ambiri, siifuna foni yodula, ndipo laputopu yakale ya kusukulu kapena ya ku ofesi imaiyendetsa bwinobwino. Mabatani ake ndi ochepa kwambiri moti ngakhale pa sikirini ya foni imatheka. Munthu woyamba kumene amaimaliza m'maola atatu kapena anayi, kapena kupitirirapo pang'ono akakakamira pa zamaginito zija.

Inside

Playdead yomweyo inakhala zaka zisanu ndi chimodzi isanatulutse gemu ina, ndipo Inside inabwera mu 2016. Mukaisewera mumamvetsa kumene nthawiyo inapita. Mnyamata wa malaya ofiira akutsetsereka pathanthwe m'nkhalango usiku, ndipo masekondi ochepa chabe mwayamba kale kuona anthu ovala zophimba nkhope akukweza anzawo m'malole. Akakuonani amakuthamangitsani. Akalephera amamasula agalu.

Agalu a mu Inside ndi oopsa kuposa chilombo chilichonse chopeka, chifukwa tonse tikudziwa mmene galu wolusa amathamangira. Pali malo ena pamene mumayenera kuzula matabwa otseka khomo, agalu ali mbali ina ya mpanda wawaya. Mukayamba kuzula, iwo amazungulira kubwera kumene muli. Mumakwera mpandawo n'kudutsira mbali inayo, iwo n'kubwereranso, ndipo mpata waung'ono umenewo ndi umene mumazulira thabwa limodzi. Chopingacho n'chosavuta kuchimvetsa, koma manja amanjenjemera pochichita. Apa ndiye pali kusiyana kwa Inside ndi mkulu wake. Mu Limbo nthawi zambiri mumaphunzira mwa kufa. Mu Inside mumaona ngozi ikubwera, mumadziwa chochita, ndipo mantha amakhala akuti kodi mukwanitsa nthawi isanathe.

Mukadutsa munda wa chimanga ndi famu yodzaza nkhumba zakufa, mumafika pa mtima wa nkhaniyo. Muli anthu oyenda opanda nzeru zawo, mitu ili chowerama, manja ali lende, amene amagwiritsidwa ntchito ndi eni makina. Aliyense wokulira kuno amene anamvako nkhani za ndondocha, anthu ochotsedwa umunthu n'kusandutsidwa antchito a wina, adzazindikira msanga chimene akuona, ndipo n'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti gemuyi imatilasa ife mozama kuposa mmene eni ake anaganizira. Choipitsitsa n'chakuti inunso mumawagwiritsa ntchito. Mnyamatayo amalowetsa mutu m'chisoti cholendewera, ndipo anthu aja amadzuka n'kumatsanzira chilichonse chimene akuchita. Mumawanyamulitsa zitseko zolemera, mumawapondera pamapewa, mumawasiya pomwepo ntchito ikatha. Pena mumayenera kulowa pamzere wawo n'kumayenda ngati iwo, kuima akaima, kudumpha akadumpha, kutembenuka akatembenuka, uku makina akukuyang'anani ndipo mabanja ovala bwino, ndi ana awo omwe, akuonerera chapatali. Mukaphonya sitepe imodzi mwadziwika. Sindikudziwa gemu ina imene inandichititsa kugwira mpweya chonchi popanda chilombo chilichonse pa sikirini.

Kenako kumabwera madzi. Mumapeza kasitima kozungulira koyenda pansi pa madzi, ndipo m'madzimo muli cholengedwa cha tsitsi lalitali chimene chimaima mukachiwalitsa ndi nyali, koma mukangochipatsa msana chimasendera. Kulinso mlatho wina kumene kuphulika kwa kutali kumabwera mwa kanthawikanthawi, ndipo mukapezeka poyera nthawi imeneyo thupi limamwazika. Kumeneko khutu ndi limene limakupulumutsani, chifukwa mumayenda motsatira kugunda kwa phokosolo. Wokonza mamvekedwe a gemuyi, Martin Stig Andersen, anadutsitsa mawu ena m'chigaza chenicheni cha munthu pofuna kuti azimveka ngati akuchokera m'mutu mwa womvera. Mu 2017 Inside inapata mphoto zinayi za BAFTA, mphoto zotchuka za ku Britain, kuphatikizapo ya kapangidwe ka gemu ndi ya nkhani.

Mathero ake sindiwaulula. Ndingonena kuti theka la ola lomaliza limasintha chilichonse chimene mumaganiza kuti mukuchita, ndipo anthu awiri oimaliza usiku umodzi akhoza kukangana za tanthauzo lake mpaka tambala kulira.

Pa zonse zinayi, kwa ine Inside ndiye yopangidwa mwaluso koposa. Mnyamatayo amapuma mwawefuwefu akathamanga, amawerama yekha akamva anthu, amatembenuza mutu kuyang'ana chimene inunso muyenera kuyang'ana. Palibe chopinga chimene chimabwerezedwa mpaka kutopetsa. Mukafa mumabwerera nthawi yomweyo, osadikira.

Vuto lake ndi limodzi, koma kwa ambiri a ife ndi lalikulu: pa Android palibe. Ilipo pa kompyuta, PlayStation 4, Xbox One, Nintendo Switch, ndi pa iPhone ndi iPad kuyambira kumapeto kwa 2017, kumene chigawo choyamba mumachisewera ulere musanalipire. Mukaona pa intaneti wina akuti ali ndi Inside ya pa Android, musatsitse. Chimenecho si chochokera kwa eni ake, ndipo mukhoza kutaya bandulo n'kulowetsanso zoipa m'foni momwe mumasungiramo ndalama.

Little Nightmares

Apa tasamuka ku Denmark kupita ku Sweden. Little Nightmares inapangidwa ndi Tarsier Studios ya mumzinda wa Malmö, n'kutulutsidwa ndi Bandai Namco mu April 2017. Mumayendetsa kamtsikana kotchedwa Six, kovala jasi yamvula yachikasu, kosavala nsapato, kokhala ndi laitala yokha m'manja. Kali m'chimalo chachikulu cha panyanja chotchedwa the Maw, chimene chimayendera uku ndi uku ngati chombo, moti ngakhale zitini pansi zimagubuduka zokha.

Magemu a Playdead amaopsa ndi kuzizira kwake. Little Nightmares imaopsa ndi matupi. Chilichonse ndi chachikulu mopitirira muyeso: mpando ndi wokwera movutikira, chogwirira chitseko chili kutali moti mumachita kukokera chinthu china pafupi kuti mupondepo, kiyi mumanyamula ndi manja awiri. Ndipo akuluakulu a m'menemo ndi onyansa. Woyamba ndi wosamalira malo, wakhungu, wa miyendo yaifupi koma mikono yotalika kudutsa chipinda. Saona, koma amamva. Mukaponda thabwa lolira watembenuka, choncho mumayenda pa kapeti, kapena kuponya chidole kutali kuti apite uko. Kenako kukhitchini kuli ophika awiri amapasa, nkhope zolendewera, akudula nyama ndi kutsuka mbale, inu mukukwawa pansi pa matebulo. Kenako alendo onenepa amene abwera kudzadya, amene akakuonani amagwa pamipando n'kuyamba kukwawa kukutsatani. Pamwamba pa onse pali mayi wovala chophimba nkhope, mwini malowo, amene m'zipinda mwake magalasi oyang'anira nkhope anaswedwa.

Chimene chimaisiyanitsa ndi anzake ndi njala. Nthawi ndi nthawi Six amagwira pamimba n'kugwada, ndipo mpaka atadya sangapitirire. Poyamba ndi buledi woponyeredwa ndi mwana wina. Zimene amadya pambuyo pake zimanka ziipiraipira, ndipo inu amene mwakhala mukumuteteza mumayamba kudzifunsa kuti kodi mwana ameneyu ndi ndani. Njala si nkhani yachilendo kwa munthu wa kuno, ndipo gemuyi siyiseweretsa. Imaonetsa mwana wanjala pakati pa anthu odya mosakhuta, ndipo chithunzi chimenecho chimapweteka.

Pa kaseweredwe pali chinthu chimene muyenera kuchidziwa musanagule. Mu Limbo ndi Inside mumayenda kumanzere ndi kumanja basi. Mu Little Nightmares mumathanso kulowa mkati mwa chipinda ndi kubwerera kutsogolo. Izi zimapangitsa kubisala kukhala kokoma, chifukwa mumasankha nokha kolowera, pansi pa bedi kapena m'bokosi. Koma kamera imaonera kumbali, ndiye poyenda pa thabwa lopyapyala kapena podumphira chingwe, n'kosavuta kugwa chifukwa diso lanyengeka pa kutalika. Imfa zotere sizikuphunzitsani kanthu, zimangokwiyitsa. Komanso kugwira chinthu kumafuna kupanikiza batani osalisiya, ndipo pothawa mumapanikiza la liwiro, la kudumpha ndi la kugwira motsatizana. Ndi padi, kachipangizo kamabatani kogwira m'manja posewera, zimayenda bwino. Pa kiyibodi zimavutirapo. Pa sikirini ya foni, kumene zala zanu zomwe zikuphimba mbali ya chithunzi, pamafunika kuleza mtima kwenikweni.

Ndatchula foni chifukwa mu December 2023 kampani ya Playdigious inaibweretsa pa Android ndi iPhone. Imeneyo ndi nkhani yabwino, koma gemuyi ndi yolemera kuposa Limbo kutalitali. Imafuna malo ambiri, imadya batire, ndipo foni yotsika mphamvu imatentha ndi kudodoma, kudodoma kwake n'kumabwera nthawi yomwe wophika akukuthamangitsani. Ilipo inanso yotchedwa Very Little Nightmares, ya 2019, yopangidwira mafoni kuchokera pachiyambi. Imaonera kuchokera pamwamba chammbali, mumayendetsa mwa kugogoda sikirini, ndipo ndi ya zothetsa nzeru kwambiri kuposa mantha. Si yoipa, koma musaigule poganiza kuti ndi Little Nightmares yeniyeni yochepetsedwa.

Little Nightmares II

Inatuluka mu February 2021. Tsopano mumayendetsa Mono, mnyamata wovala thumba lapepala kumutu, ndipo Six amayenda nanu ngati mnzanu woyendetsedwa ndi kompyuta. Amakukwezani pamalo otalika, amakugwirani dzanja mukadumpha phompho, ndipo pali batani longomugwira dzanja poyenda. Kabatani kameneko n'kanzeru kuposa mmene kamaonekera, chifukwa kamakuzoloweretsani kumudalira.

Dziko lake ndi lalikulu kuposa la yoyamba. Mumayambira kutchire kwa mlenje wa mfuti ndi nyali, n'kuwoloka madzi kukalowa mumzinda wa Pale City, kumene mvula siikata ndipo anthu anamatirira pa ma TV mpaka nkhope kufafanizika. Kusukulu kuli mphunzitsi wamkazi amene khosi lake limatalika kukutsatani m'mapaipi ndi pamwamba pa mashelefu. Kuchipatala kuli zidole za msinkhu wa munthu zimene zimayenda mumdima n'kuuma mukaziwalitsa ndi tochi, ndiye mumayenda chobwerera m'mbuyo, tochi ili m'manja, zina zikutulukira kumbali. Chigawo chimenecho ndiye choopsa koposa mu magemu onse anayi, ndipo ndikunena izi mosakayika.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kumenya. Mono amatha kukoka nyundo kapena paipi n'kuphwanya ana ovutitsa a pasukulupo, amene mitu yawo ndi yadothi. Chidacho n'cholemera, amachikweza mochedwa, ndipo mukaphonya kamodzi mwafa. Cholinga chake n'chomveka, kusonyeza kuti mwana ndi mwana ngakhale atagwira nyundo. Koma malo ena mumabwereza kambirimbiri mpaka mantha kusanduka mkwiyo. Gemuyi ndi yaitalinso kuposa yoyamba ndipo imafuna makina amphamvu: PlayStation 4 kapena 5, Xbox, Switch, kapena kompyuta yokhala ndi khadi yabwino ya zithunzi. Laputopu wamba yolembera sidzaikwanitsa bwino.

Chipangizo chimene muli nacho ndicho chiyambe kuyankha

Ngati muli ndi foni ya Android yokha, ya mtengo wapakati kapena wotsika, yambani ndi Limbo ndipo musadzione ngati mwatsalira. Mukaimaliza mudzakhala mutadziwa ngati mtundu uwu wa magemu ukukukomerani musanawononge ndalama zambiri. Ngati foni yanu ndi yamphamvu ndipo muli ndi padi ya Bluetooth, Little Nightmares ndi yotheka. Popanda padi, ine ndingadikire.

Ngati muli ndi laputopu, ngakhale yosakhala ya magemu, yesani Inside. Siyolemera ngati ma Little Nightmares, ndipo kiyibodi imaikwanira chifukwa mabatani ake ndi mivi ndi batani limodzi logwirira. Ngati muli ndi PlayStation 4, kapena mlamu wanu ali nayo, zonse zinayi zili m'manja mwanu, ndipo pamenepo funso latsala ndi la mtundu wa mantha amene mukufuna.

Pa zogula, onsewa ndi olipira. Pa Google Play, App Store kapena Steam (sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta) pamafunika khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kugula pa intaneti, ndipo ndikudziwa kuti si aliyense ali nayo. Chothandiza n'chakuti magemuwa ndi akale ndithu, ndipo pa Steam mitengo yawo imatsika kwambiri nthawi ya maselo, makamaka pakati pa chaka ndi chakumapeto kwake. Limbo ndi Inside zimatsika mpaka kufika pa mtengo woti munthu sangadandaule. Ndikudziwanso kuti magemu ambiri kuno amayenda pa fulashi kuchoka kwa mnzako kupita kwa mnzake. Mafayilo otere nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo makampani ngati Playdead ndi aang'ono, amadya pa ntchito ya manja awo. Ngati mungathe, gulani. Mukatsitsa kamodzi simufunikanso netiweki kuti musewere, ndiye tsitsani pa bandulo ya usiku kapena pomwe pali Wi-Fi, zikatero mwathana nazo.

Za magetsi, onse anayi amasunga okha pomwe mwafika, pafupipafupi. Magetsi akazima muli pa PlayStation simutaya zambiri. Limbo ndi Inside ndiye amasunga pafupi kwambiri. Little Nightmares nthawi zina imakubwezani chipinda chimodzi kapena ziwiri m'mbuyo.

Nthawi ndi malo osewerera

Izi anthu amazipeputsa, koma zikhoza kupha gemu yabwino. Magemu onsewa ndi amdima. Mukayesa Limbo pa foni masana m'minibasi yochokera ku Lizulu kupita ku Lilongwe, dzuwa likuwomba pawindo, simudzaona msampha ngakhale umodzi, ndipo mudzati gemuyo ndi yachabe. Sewerani usiku. Miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imatsika m'phiri la Dedza madzulo ndipo anthu amalowa m'nyumba msanga kuthawa chisanu, ndiyo nyengo yake yeniyeni. Ndipo valani mahedifoni, ngakhale otchipa a pamsika. Theka la magemuwa lili m'khutu: kupuma kwa wakhungu uja akununkhiza pafupi ndi bokosi lomwe mwabisalamo, agalu akuuwa chapatali, phazi la kangaude likugunda pansi. Pa sipika ya foni zonsezi zimatayika.

Pali kusiyana kwina kumene ndakuona posewera ndi abale. Limbo ndi Inside ndi za munthu mmodzi, chete. Mukakhala ndi gulu, wina amayamba kukuuzani yankho, wina akuyankhula pa foni, ndipo mphamvu yake imatha. Little Nightmares imakoma pagulu. Mmodzi agwire padi, ena aonerere, ndipo mudzamva achemwali akukuwa kuti "Thawa! Lowa pansi pa tebulo!" ngati kuti Six akuwamva. Zilombo zake ndi zooneka bwino, zothamangitsana zake n'zomveka ngakhale kwa munthu wosasewera, ndipo mukhoza kumapatsirana padi munthu akafa. Ngati cholinga ndi kucheza ndi a pabanja kapena anzanu a ku koleji Loweruka usiku, sankhani imeneyi.

Koma a pabanja ndikunena akuluakulu. Musanyengeke poona kuti woyendetsedwayo ndi mwana, n'kupatsa foni mdzukulu wa ku pulayimale. Ku Ulaya Little Nightmares anaiika pa zaka 16, ndipo ku America Inside anaiika pa zaka 17 kupita m'mwamba. Imfa za mu Limbo, ngakhale zili zakuda ndi zoyera, ndi zankhanza: mutu kuduka, thupi kubayidwa. Pa zipangizo zina muli posankha kuti sikirini izida m'malo moonetsa imfazo, koma ngakhale mutatero nkhani yake si ya ana.

Nanga Little Nightmares yachitatu?

Little Nightmares III inatuluka mu October 2025, ndipo sinapangidwe ndi Tarsier koma ndi Supermassive Games ya ku England. Ili ndi ana awiri, Low wa uta ndi mivi ndi Alone wa sipanala, ndipo chachilendo chake n'chakuti anthu awiri akhoza kusewera pamodzi. Koma pa kutuluka kwake kusewera awiriko kunali kwa pa intaneti pokha, aliyense ndi makina ake, osati mapadi awiri pa TV imodzi. Kwa ife amene timasonkhana pa sikirini imodzi ndipo netiweki imasinthasintha ndi dera, chinthu chimene akuigulitsira ndicho chovuta kuchipeza. Mukhoza kuisewera nokha, mnzanuyo akuyendetsedwa ndi kompyuta, koma ndi yatsopano, yodula, ndiponso yofuna makina amphamvu. Munthu amene sanasewere ziwiri zoyambazo alibe chifukwa choithamangira.

Ndipo pa ziwiri zoyambazo, musadumphe yoyamba n'kuyambira yachiwiri chifukwa choti ndi yokongola kuposa inzake. Mathero a Little Nightmares II amalemera pokhapokha ngati mukumudziwa kale Six, munamuona ali ndi njala, ndipo mukudziwa chimene jasi yachikasu ija imatanthauza pamene akuitola pansi n'kuivala. Chimodzimodzi ndi za Playdead: amene angathe kupeza zonse ziwiri ayambe Limbo kenako Inside, chifukwa mukayamba ndi Inside, kudumpha kwa mnyamata wa mu Limbo kudzakuvutani kuzolowera ndipo mafakitale ake adzakutopetsani msanga.